Chithumwa m'Jekete la pa Sabata

Patapita mwezi chiwaikire m'manda atsibweni anga, amene adatumikira pa ukulu wa mpingo zaka zoposa 30 m'mudzi mwathu, abale tidasonkhana pakhonde pawo kuti tigawane zovala monga mwa mwambo; ndipo pamene jekete lawo lakuda lidafika m'manja mwanga, jekete limene sankalivala tsiku lina koma la Sabata lokha, limenenso ankaima nalo kutsogolo popereka mkate ndi chikho pa Mgonero, zala zanga zidakhudza kanthu kolimba, kosaposa mtedza kukula kwake, kosokereredwa mwaluso m'kati mwa nsalu cha pamtima. Nditatumbula ulusiwo padatuluka kachithumwa kachikopa, kakuda bii ndi thukuta la zaka zambiri. Pakhonde ponse padangoti zii.

Amene adayamba kulankhula adali akazi a atsibweniwo, mayi amasiyewo, maso ali pansi. "Mwana wanga," adatero, "musawayese achinyengo atsibweni anu. Chaka chimene tidaika ana awiri m'dzinja limodzi, anthu adawauza kuti pakhomo pano papondedwa, ndipo iwo adapita kukayenda usiku osandiuza. Kupemphera sadasiye ngakhale tsiku limodzi, koma kanthuko ankaopa kukataya."

Mawu amenewa ndakhala ndikuwasinkhasinkha zaka zambiri, pakuti m'menemo muli nkhani yonse ya mafano monga momwe ikhalira pakati pa ife Akhristu. Mkulu uja sadakane Mulungu, sadanyoze Mawu, sadathawe m'nyumba ya mapemphero. Chimene chidawakanika ndicho kutsala ndi Mulungu yekha, popanda kena kogwira m'manja usiku ukada. Ndipo ine amene ndilemba izi sindiwaponya mwala, chifukwa ndikafufuza m'mtima mwanga ndipeza kuti nanenso ndili nazo zosokerera zanga, zimene singano yake siioneka ndi maso.

Ife a dziko lino timawerenga malamulo oyamba aja a pa Sinai ndi mtima wopepuka, poganiza kuti akunena za mitundu yakutali imene inkasema milungu yamitengo ndi yamiyala. Makolo athu sadaseme nkhope ya Chauta. Ku Msinja, kumene Makewana ankatsogolera mapemphero a mvula, ndi ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, anthu ankapita ndi nsembe podziwa kuti Namalenga saoneka. Ndipo omasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922, adapeza mawu monga kachisi, nsembe ndi kupembedza ali chikhalire m'chinenero chathu, monganso a Buku Loyera mu 1998 adatenga dzina la Chauta kukhala dzina la Mulungu wa Israeli. Pa chifukwa chimenechi munthu akamva mlaliki akutchula mafano amayang'ana m'nyumba mwake, saona chosema chilichonse, ndipo amagona tulo tabwino. Koma chinenero chathu chomwecho, tikachitchera khutu, chitiuza zina. Mayi amene ali ndi mwana wolira usiku timati akumpembedza. Wodwala amene akudya mosankha ndi kuyenda pang'onopang'ono timati akupembedza moyo. Wantchito woopa kuchotsedwa amapembedza bwana wake. Kupembedza ndiko kusamala chinthu mwamantha ndi mwachikondi kuti chingakuchokere, monganso kulambira kudali kuomba m'manja pamaso pa mfumu, kuvomereza kuti mwini dziko ndi iyeyo. Tsono funso loyenera kudzifunsa munthu ndi lakuti, kodi n'chiyani chimene ndichinyengerera tsiku ndi tsiku, chimene chitandichokera ndinganene kuti moyo wanga watha?

Nkhani ya Eliya pa phiri la Karimeli, yolembedwa m'buku loyamba la Mafumu, ambiri timaikumbuka chifukwa cha moto umene udagwa kuchokera kumwamba, ndipo timaiwala chimene chidasonkhanitsa anthuwo. Aisraeli a masiku a Ahabu ndi Yezebeli sadali atataya dzina la Yehova. Adali alimi monga ife, odalira mvula monga ife, ndipo anansi awo ankawauza kuti mwini mitambo ndi zokolola m'dziko limenelo ndi Baala. Motero iwo adaganiza kuti ndi nzeru kusunga onse awiri, Yehova wa makolo amene adawatulutsa ku Ejipito, ndi Baala wa munda amene adzadzaza nkhokwe. Mneneriyo atawafunsa kuti adzaleka liti kutsimphina pakati pa njira ziwiri, khamu lonse silidayankhe kanthu, ndipo kukhala chete kumeneko ndimakumva bwino kwambiri, pakuti ndi kuja kudagwa pakhonde pa atsibweni anga. Aneneri a Baala adalipo 450, mvula idali itakanika zaka zitatu ndi theka, ndipo anthu amene adasunga milungu iwiri kuti asagone ndi njala ndiwo adagona nayo. Akuluakulu athu adaona chomwecho pamene adati mapanga awiri avumbwitsa: wothamangira uku ndi uku posankha pobisala mvula imamthera pathupi ali panja.

Fano limabadwa pa nthawi ya kudikira. Mose atakwera m'phiri n'kukhalako masiku 40, anthu patsinde adatopa ndi Mulungu wosaoneka ndi mtsogoleri wosabwerera, ndipo adavula ndolo zagolide m'makutu mwa akazi ndi ana awo kuti Aroni awaumbire mwanawang'ombe. Koma chimene owerenga ambiri amachilumpha n'chakuti Aroni, atamanga guwa patsogolo pa fanolo, adalengeza kuti m'mawa mwake kudzakhala chikondwerero cha Yehova. Dzina lidali loona, nyimbo mwina zidali zomwezo, wansembe adali yemweyo. Chimene chidasintha n'chakuti tsopano adali ndi mulungu woti angamnyamule, kumuika pamene afuna ndi kumuona akamfuna. Momwemonso ife: mwana akadwala mwezi wathunthu osachira, ntchito ikasowa zaka zitatu sukulu itatha, banja likakhala lopanda mphatso ya ana apongozi akulankhula, pamenepo ndi pamene golide amasungunuka. Sindinena izi mopeputsa misozi ya munthu. Kudikira Mulungu ali chete ndi ntchito yolemera koposa zonse zimene chikhulupiriro chimasenza.

Komabe pali nkhani ina yaifupi, ya vesi limodzi lokha m'buku lachiwiri la Mafumu, imene ndiganiza kuti ndiyo yoyenera mipingo yathu lero kuposa zonsezi. M'chipululu, anthu atalumidwa ndi njoka zaululu, Mulungu mwini adalamula Mose kuti apange njoka yamkuwa ndi kuipachika pamtengo, kuti wolumidwa aliyense akaiyang'ana achire. Chinthu chimenechi sichidachokere kwa Akanani kapena kwa Aejipito; chidali mphatso ya chifundo, chizindikiro choloza kwa Mchiritsi. Aisraeli adaisunga njokayo mibadwo ndi mibadwo, ndipo ndani akadawadzudzula posunga chikumbutso chotere? Koma patapita zaka mazana angapo, m'masiku a mfumu Hezekiya, kudapezeka kuti anthu akuifukizira lubani. Chala choloza kumwamba chidasanduka chinthu chogwadiridwa. Hezekiya adaiphwanya zidutswazidutswa, ndipo dzina lake lakuti Nehusitani limamveka m'Chihebri ngati kunena kuti kachinthu kamkuwa chabe. Ndiyesa kuti tsiku limenelo panali okalamba oopa Mulungu amene adalira misozi, poona mfumu ikuswa chimene manja a Mose adapanga. Koma Malemba amaiwerengera mfumuyo ntchito imeneyi ngati chilungamo.

Tiyeni tsono tiyang'ane njoka zathu zamkuwa. Kudzoza wodwala ndi mafuta ndi kumpempherera ndi mwambo umene kalata ya Yakobo imaulangiza, ndipo palibe choipa m'menemo; koma pamene botolo la mafuta kapena la madzi odzozedwa ligulidwa ndi ndalama, n'kuikidwa kumutu kwa bedi, n'kuwazidwa pakhomo la golosale m'mawa uliwonse kuti makasitomala abwere, ndipo mwini wake akaliiwala kunyumba amanjenjemera ulendo wonse, ndifunsa mwaulemu kuti kusiyana kwake ndi kachikopa ka atsibweni anga kuli pati. Chithunzi cha mneneri chomatidwa pagalasi la minibasi kuti iteteze ku ngozi chikugwira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi mankhwala otsirikira. Mtumiki wa Mulungu ayenera ulemu, ndipo ife Achewa sitiphunzitsidwa ndi mlendo kulemekeza akulu. Koma ulemu ukafika poti mawu a mneneri amene amamutcha "papa" saloledwa kuyesedwa ndi Malemba, poti mayi amamvera foni ya mneneri koposa uphungu wa dokotala n'kutaya mankhwala amene akadamsunga ndi moyo, pamenepo munthu wakhala pa mpando umene si wake. Petro atalowa m'nyumba ya Korneliyo, mwini nyumba n'kumgwadira, adamuimiritsa msanga pomkumbutsa kuti nayenso ndi munthu. Paulo ndi Barnaba ku Lustra adang'amba zovala zawo poona ng'ombe za nsembe zikubwera kwa iwo.

Ndipo a mipingo yakale tisakondwere poganiza kuti mkwapulo wapita kwa anzathu okha. Yunifolomu yoyera ya Mvano, ya Chigwirizano kapena ya Umanyano ndi chovala cholemekezeka, chimene amayi athu adasenza nacho odwala ndi amasiye a dziko lino zaka zambirimbiri. Koma ilipo mitima imene imadalira bulauziyo koposa Iye amene bulauziyo imchitira umboni. Alipo amene amalipira masika ndi zopereka zonse mosaphonya, ndipo ukawafunsa pansipansi chifukwa chake, amakuyankha kuti afuna maliro awo adzaimbidwe. Alipo amene dzina la mpingo wawo, kapena la sinodi yawo, kapena la mtundu wawo limawatenthetsa magazi koposa dzina la Khristu, kotero kuti angadane ndi mbale chifukwa cha malire a mpingo koma osagwetsa msozi chifukwa cha tchimo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Fano la mtundu uwu ndi lovuta kuliona pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti limakhala m'tchalitchi momwemo ndipo limanunkhira lubani.

Za chuma ndiyenera kulankhula mosabisa, pakuti Ambuye mwini adachitchula ngati mbuye wopikisana ndi Mulungu, ndipo Paulo polembera Akolose adaika umbombo m'gulu la kupembedza mafano. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi, pafupifupi 77 amadzitcha Akhristu. M'dziko lomwelo mu 2013 mudaululika kubedwa kwa ndalama zaboma kumene kudatchuka ndi dzina la Cashgate, pamene ndalama zikadagula mankhwala m'zipatala ndi mabuku m'sukulu zidapezeka m'mabuti a magalimoto ndi m'nyumba za anthu. M'dziko lomwelonso, kuyambira 2014, tidayamba kumva kawirikawiri za abale athu achialubino akubedwa, kuphedwa ndi kufukulidwa m'manda, chifukwa cha bodza la mdierekezi lakuti mafupa awo ndi zizimba za chuma. Timanyansidwa tikawerenga za Moleki, amene anthu ankamuotchera ana awo m'chigwa cha Hinomu kunja kwa Yerusalemu, ndipo timati zimenezo ndi za anthu amdima akalekale. Koma mulungu amene amalandira mwana wa mnansi kuti apereke galimoto ndi nyumba yamalata ndi Moleki yemweyo, wangosintha dzina. Nsembe zake zina ndi zazing'ono ndipo siziwerengedwa m'nyuzipepala: sikelo yobera mlimi pogula chimanga, malire a munda osunthidwa usiku, katundu wa ana amasiye wolandidwa maliro asanathe, malipiro a mwezi otayidwa pa kubetcha mpira ana akugona ndi njala.

Chomvetsa chisoni koposa ndi pamene mbuye ameneyu alowa pa guwa atavala mkanjo. Simoni wa ku Samariya adatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, ndipo Petro adamdzudzula ndi mawu oopsa. Lero malonda omwewo atembenuzika, ndipo wosauka amauzidwa kuti akabzala mbewu ya ndalama zakutizakuti Mulungu adzakakamizika kumbwezera kambirimbiri. Wopereka motero akuchita katapila ndi kumwamba. Mulungu wasanduka njira, chuma ndicho kofikira. Ndipo chimene munthu achiyesa kofikira ndicho mulungu wake weniweni, ngakhale pakamwa pake patuluke dzina lina.

Mbiri ya dziko lathu ili ndi phunziro linanso, limene achinyamata obadwa m'nthawi ya zipani zambiri ayenera kulimva. Mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda adakhala pulezidenti wamuyaya, ndipo m'zaka zimenezo adapatsidwa maina aulemu amene ena mwa iwo, monga lakuti Mpulumutsi, ndi oyenera Mmodzi yekha. Khadi la chipani lidali chiphaso cholowera mumsika ndi kukwerera basi. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967, adakana kugula makhadiwo, ndipo mu 1972 zikwi za iwo zidathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa. Ine sindigwirizana nawo pa ziphunzitso zambiri, koma sindingakane kuti adalipira mtengo umene ambiri a ife sitidafune kuulipira. Kudatenga zaka kufikira pa 8 March 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi awo m'nyengo ya Lenti, kuti mpingo ulankhule poyera kuti palibe munthu amene ali mwini choonadi yekha. Kaisara ali nazo zake zoyenera kupatsidwa, msonkho ndi ulemu ndi pemphero; chikumbumtima sichili pakati pa zimenezo, kaya nsalu yovalidwa pamsonkhano ndi ya mtundu wanji.

Za foni ndinena pang'ono, popeza alaliki azinena kale kwambiri. Kachipangizoko pakokha n'kosalakwa, ndipo kathandiza ambiri kutumiza ndalama kumudzi ndi kumva mawu a mwana ali ku Johannesburg. Ndingoona kuti nthawi ya mbandakucha, imene agogo athu ankaipereka kwa Mulungu tambala akalira, tsopano yapatsidwa kwa WhatsApp ndi Facebook, ndi kuti ambiri timapembedza maso a anthu osatidziwa, kuwerenga amene ayamikira chithunzi chathu monga wansembe awerenga nsembe.

Nanga mtima wonse ndi wotani? Ena amauyesa kufuula kwambiri popemphera, ena kuchezera m'phiri usiku wonse, ena kusaphonya msonkhano uliwonse. Koma aneneri a Baala adafuula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, nadzitema ndi mipeni, ndipo changu chawo sichidawapindulire kanthu. Ena amauyesa ungwiro wopanda banga, n'kutaya mtima poona zofooka zawo. Koma Davide adachimwa machimo akulu, ndipo Malemba amamuikabe kukhala muyeso wa mafumu a mtima wamphumphu, pamene Solomo mwana wake, womanga Kachisi, ndiye anenedwa kuti mtima wake udagawika pa ukalamba. Kusiyana kwawo n'kwakuti Davide akagwa ankathawira kwa Mulungu yemweyo amene adamlakwira, osakhala ndi phanga lachiwiri. Mtima wonse ndi mtima wosakhala pa mitala. Chitsanzo chake chowala ndi anyamata atatu aja a ku Babulo, Sadrake, Mesake ndi Abedinego, amene ataimirira patsogolo pa ng'anjo adauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo angathe kuwalanditsa, koma kuti ngakhale atapanda kutero, fano lagolidelo saligwadira. M'kachigawo kachiwiri kameneko ndi mmene muli kupembedza koona, pakuti fano timalisunga chifukwa cha zimene limatilonjeza, ndipo likalephera timalitaya n'kufuna lina. Koma Mulungu amafuna kukondedwa ngakhale pa tsiku limene ng'anjo siizima, mvula siigwa, mwana sachira.

Izi sizitanthauza kuti Mkhristu akane chipatala, aleke kulima kapena asasunge ndalama za mawa. Mankhwala, khasu ndi nkhokwe ndi mphatso zochokera m'dzanja lomwelo, ndipo wozilandira moyamika sachimwa. Chiyeso chake ndi ichi, kuti mphatso imatha kutchulidwa poyera m'pemphero la banja ana akumva, pamene fano limafuna mdima, limasokereredwa m'kati mwa nsalu, limabisidwa kwa mkazi ndi kwa mbusa, ndipo mwini wake amapsa mtima wina akalikhudza. Ku Efeso, monga buku la Machitidwe litiuza, amene adabwera kudzaulula zamatsenga zawo adali anthu okhulupirira kale, ndipo adatentha mabuku awo pamaso pa onse, mtengo wake n'kukwana ndalama zasiliva 50,000. Adakhala nthawi ali Akhristu mabukuwo ali m'nyumba. Ndimapeza chitonthozo m'menemo, pakuti zisonyeza kuti Mulungu amapirira ndi ana ake a mitima iwiri, ndi kuti tsiku la kutulutsa zobisika lingathe kufika ngakhale mochedwa, ndipo likafika limakhala tsiku la kumasuka.

Madzulo a tsiku lija, alendo atabalalika, tidakoleza moto kuseri kwa nkhokwe, ine ndi mayi amasiye aja ndi mdzukulu wawo wamkazi amene adatinyamulira nkhuni. Nditaponya kachithumwako pamoto kadanunkha chikopa chopsa, ndipo kataphulika mudaoneka timizu touma, tsitsi pang'ono ndi kandalama kakale ka tambala. Mayiwo adayang'ana nthawi yaitali osalankhula. Kenaka adatembenuka, napisa dzanja m'chiuno pansi pa chitenje, ndipo ndidamva kachingwe kakuduka. Adatambasula dzanja lonjenjemera pamwamba pa malawi, nagwetsamo kawo, kamene adakavala chiyambire chaka chomwe chija cha maliro awiri. "Iwo sadadziwe kuti inenso ndidapita," adatero. Adapempha mdzukuluyo kuti akatenge Buku m'nyumba, popeza maso awo sankaonanso zilembo, ndipo mtsikanayo adatiwerengera Salmo 23 pa kuwala kwa motowo. Jeketelo ndidalitenga, ndipo malo amene ndidatumbula aja adandisokera ndi mayi omwewo m'mawa mwake, ndi ulusi woyera chifukwa wakuda udali utatha.